Mizere ya Yunisi Ndinkalima Ndine

1

Dzina langa ndine Esnart, koma kwathu kuno, kuseri kwa Namitete mukamalowera njira ya ku Nsaru, amangoti amake Yunisi. Ndine mayi wa Chigwirizano, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, mmodzi mwa aja amaitanidwa kukalangiza atsikana ukwati ukayandikira. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mudziwe kuti amene adachita zomwe muwerengezi sadali chidakwa kapena mfiti. Adali munthu woti akalowa m'tchalitchi anthu amamusunthira pabenchi.

Bambo ake a Yunisi, a Ackson, adatisiya mwanayo ali ndi zaka khumi. Adagwa pachitunda chochokera kudambo akukankha njinga yomangirira matumba awiri a feteleza. Munthu wadzuka bwinobwino, wadya mbatata, waseka ndi anzake, pofika masana tikuyala mphasa za maliro. Anthu adalankhula zambiri, pakamwa pa anthu mumapadziwa. Ine ndidatsala ndi mwana mmodzi yekhayo ndi munda.

Yunisi adakula wokongola, ndipo sindikunena chifukwa choti ndidabereka ndine. Koma adali ndi befu. Anzake akamathamanga iye ankatsalira, dzanja lili pachifuwa. Mpira wamanja adausiya ali Sitandade 7 atakomoka pabwalo la sukulu. Kumunda akalima mizere itatu ankakhala pansi, milomo itauma, n'kumati, "Amayi, dziko likuzungulira."

"Ndi magazi ochepa amenewo," ndinkamuuza. "Khala pamthunzi. Wamwa mankhwala ako?"

Mankhwalawo kadali kam'bulu koyera kamodzi m'mawa uliwonse, kochokera m'botolo lopanda dzina. Ndinkakagula ndekha m'tauni, n'kukhuthulira m'botolomo ndisadafike pakhomo.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndidamudulira munda wakewake wa mtedza, monga timachitira mtsikana akakula. Ndidasankha m'mbali mwa njira ya kutchalitchi, kuti aliyense wodutsa aziona. Ndinkalawira m'bandakucha, kulima mizere makumi awiri m'munda mwakemo, dzuwa likamatuluka ndadumphira kale m'munda mwanga. Yunisi akafika ankangoyambira pomwe ndalekezera. Odutsa ankaima n'kugwira pakamwa.

"Ee, mwana wa a Esnart! Koma ndiye khasu limamumvera!"

Iye sizinkamusangalatsa. Tsiku lina adaponya khasu pansi. "Amayi, anthu akuyamika ine pa thukuta lanu. Si kuba kumeneku?"

"Mwana amabera make? Magazi akadzachuluka udzalima wekha. Tola khasulo, kukubwera anthu."

Adatola. Mwana wanga adali womvera, ndipo ine ndidamudyera masuku pamutu chifukwa cha kumvera komweko.

2

Joel adamuona Yunisi pa msonkhano wa makwaya. Mnyamata wa ku Kabudula, wofatsa, mlimi wa fodya, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa a Rozaria. A Rozaria amenewa muwadziwiretu. Ndi mayi wamasiye ngati ine, koma wa mtundu uja woti akamadutsa nkhuku zimapatuka zokha. Fodya wa pakhomo pawo amayang'anira okha, kuyambira kunazale mpaka kumabelo.

Asadatume ankhoswe adabwera okha kudzaona komwe mwana wawo wakodwa. Sadafunse za sukulu, sadafunse za kwaya. Adati, "Kumunda kwake n'kuti?" Ndidawatengera komweko, mtedza uli biriwiri. Adazula tsinde limodzi, kukutumula dothi, n'kuwerenga ndi maso.

"Walima yekha?"

"Yekha," ndidatero, osaphethira.

"Khasu liposa mako ndi tate," adatero a Rozaria. "Nkhope sindidya ine. Mwana wolima chonchi ndikumufuna pakhomo panga."

Mawu oti pakhomo pangawo sindidawalabadire tsiku limenelo. Ine m'mutu mwanga zonse ndidali nditakonza kale. Mkamwini abwera kwathu monga mwa mwambo, amanga nyumba kuseri kwa yanga, ine ndipitiriza kulawira m'bandakucha mpaka tsiku lomwe Mulungu adzanditenge. Koma ankhoswe awo atabwera adapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwa mwamuna, poti fodya wa a Rozaria sakadatsala wopanda mwamuna pakhomo. Mlongo wanga Eliya, yemwe ndiye mwini mbumba yathu ndiponso nkhoswe ya Yunisi, adavomera.

Ndidamukokera kuseri kwa nkhokwe. "Alongo, mwanayu asachoke. Mkamwini abwere kuno."

"Chifukwa?"

"Nditsala ndekha."

"Kodi ku Kabudula ndi ku Joni? Njinga yamoto mukafika tiyi asanazizire. Kapena pali chifukwa china?"

Chifukwa chidalipo, ndipo chidakwera mpaka pakhosi apa. Ndidachimeza.

Ukwati udachitika mu Juni, anthu atakolola. Ndidavina mpaka duku kugwa, aliyense n'kumati amake mkwatibwi asangalala. Pomuperekeza ndidamulongezera mabotolo atatu a mankhwala pansi pa zitenje.

"Usadumphe tsiku," ndidamunong'oneza. "Ukamva befu, khala pansi. Zolemera usanyamule."

Adaseka. "Amayi, kubanja munthu amakhala pansi? Si inu nomwe mumalangiza atsikana kuti mtengwa adzuke nyenyezi zisanalowe?"

Ndidangomukonzera duku, lomwe lidali lokonzeka kale.

3

Miyezi yoyamba kudali zii, poti ntchito idali yogwira munthu atakhala pansi, kutong'ola chimanga ndi kuswa mtedza. Ndidayamba kupeza tulo, ndikumati kapena ndinkangochita mantha ndi zinthu zopanda pake. Kenaka nazale ya fodya idafesedwa, ndipo pakati pa Okutobala Eliya adalandira foni. Atiitana ku Kabudula, kuli mlandu.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Rozaria, dzuwa likuswa mtengo. Ankhoswe a mbali zonse adalipo, ndi achibale ena omwe mlandu wa eni umawakomera ngati thobwa. Yunisi adali pamphasa, atawonda, maso pansi. Joel adakhala panjerwa chapatali.

"Asewere," adayamba a Rozaria, akuyang'ana ine, "mudandigwiritsa fuwa la moto. Kunazale kwathu madzi timatunga pachitsime cha kudambo, n'kukwera nawo kamtunda mpaka kumabedi. Ine nkhalamba ndimanyamula makheni awiri othiririra, uku ndi uku, maulendo makumi atatu osatula mpweya. Mwana wanuyu maulendo atatu, wakhala pansi. Anayi, wagona chagada, ati wakomoka. Tikamuthira madzi, wadzuka. Koma nthawi ya kudya sanakomokepo."

Ena adaseka. Ine ndidayang'ana nyerere zomwe zinkadutsa pafupi ndi phazi langa.

"Amayi," adatero Joel, "akamapuma ine ndimamva. Si zonamizira ayi."

"Iwe khala chete, udadya khuzumule. Munda wa mtedza uja ndidauona ndi maso angawa. Wolima munda wotere alephere makheni awiri? Kwawo ankalima, kuno wabwera kudzapuma. Ine wantchito wake."

Eliya adakhosomola. "Pepani mayi. Mwanayu ali ndi vuto la magazi ochepa kuyambira ali wamng'ono. Eti alongo?"

"Magazi?" A Rozaria adawomba m'manja. "Ndidapita naye ndekha kuchipatala. Adamubaya chala, kuyeza. Magazi ali tho, oposa anga. Ndiye mankhwala a magazi a chiyani? Timibulu take tija ndidataya m'chimbudzi masabata atatu apitawo."

Masabata atatu mwana wanga akukwera mtunda ndi madzi, opanda kam'bulu n'kamodzi komwe m'thupi.

Eliya adatembenukira kwa ine. Sadakweze mawu. "Alongo, mwana mudabereka ndinu. Ngati pali chomwe mukudziwa, malo ake ndi ano."

Maso onse adagwera pa ine. M'kanthawi kochepako ndidamva kale amayi anzanga akunong'onezana kuti mlangizi uja adanamiza asewere ake. Ndidaona mwana wanga akubwerera kwathu katundu ali pamutu, mbiri itatsogola, wosadzafunsiridwanso mpaka imvi. Ndidachita mantha, ndisabise, ndipo mantha ambiri adali odziopera ndekha.

"Palibe," ndidatero.

Pamenepo Yunisi adadzuka n'kugwada pakati pa bwalo. Mawu ake adali otsika koma osanjenjemera.

"Apongozi, atsibweni, amayi anga ndawachititsa manyazi mokwanira. Ngati si matenda ndiye kuti ndi ulesi, ndipo ulesi umatha munthu akalimba mtima. Mawa mabedi onse anayi ndithirira ndekha. Ndikalephera mundibweze kwathu, sindidzadandaula."

"Wanena wekha," adatero a Rozaria. "Joel, mawa kheni usaikhudze."

Ankhoswe adagwedeza mitu, mlandu wawathera bwino. Wina adati mwanayu adaleredwa, amadziwa kudzichepetsa, ndipo adayang'ana ine kuti ndinyadire.

4

Pobwerera Yunisi adatiperekeza mpaka kumsewu. Mtunda wochepa womwewo adaima kawiri, akunamizira kukonza chitenje. Eliya adatsogola kukafuna njinga zamoto.

Ndidamugwira mkono. "Usathirire mawa. Tiye kwathu lero lomwe."

"Ndipite kwathu bwanji? Amayi, ndadumpha miyezi iwiri." Adayang'ana uku ndi uku. "Sindinauze munthu, ngakhale a Joel. Angati ndikubisala kumimba."

"Mwana wanga, ndakupempha. Ndigwade?"

"Ndiye ndiuzeni. Ngati si magazi, n'chiyani? Inu za ine mumadziwa zonse."

Ndidatsegula pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndidatsegula. Koma Eliya adali atakwera kale, akundikodola kuti dzuwa likupita, ndipo ine, mayi wamkulu wa zaka makumi asanu, ndidathokoza mumtima kuti andipulumutsa. Ndidati, "Uzimwa madzi ambiri," n'kukwera njinga.

Kuwala kwa m'mawa kudandipeza kwathu nditakhala pamphasa momwe ndidakhalira dzulo lake, nsapato zili kuphazi. Panthawi ngati imeneyi, ndidaganiza, akutsika kudambo. Ndidatsegula sutikesi, kuchotsa zovala za kutchalitchi, pansi pake n'kutulutsa chinthu chokulungidwa m'pulasitiki chomwe chidagona mmenemo zaka zisanu ndi zitatu. Ndidaimbira Joel, foni yozima. Kuimbanso, yozima. Ya a Rozaria idaitana mpaka kuduka yokha.

Ndidathamangira kumsewu chitseko osatseka. Wakabaza woyamba amene ndidamupeza adali bambo wachikulire, akutsuka m'kamwa.

"Ku Kabudula, bambo. Thamangani, kuli matenda."

"Odwala ndani, mayi?"

"Mwana wanga. Sanagwe, koma agwa."

Adandiyang'ana ngati wamisala, koma adaliza njinga. Titangopitirira Nsaru tayala lakumbuyo lidaphwa. Bamboyo adatsika, kulidina ndi chala, n'kuyamba kufotokoza za minga ya mseu umenewu. Ndidamusiya akulankhula. Ndidavula nsapato n'kuyamba kuthamanga wapansi, pulasitiki ili pachifuwa, fumbi likulowa m'kamwa. Ndinkapemphera mokweza ngati munthu wopenga. Ambuye, achedwe. Chingwe cha pachitsime chiduke. A Rozaria adwale mutu. Zopempha za mayi wa Chigwirizano zimenezo.

Njinga ina idandipeza nditathamanga mtunda wosadziwika. Pamene tinkalowa m'mudzi mwa a Rozaria dzuwa lidali litakwera kale, lotentha ngati la masana.

5

Nazale yawo ili pamwamba pa dambo, mabedi anayi atali ofunditsidwa udzu. Ndidapeza anthu ataima m'mbali ngati akuonerera gule. A Rozaria adapinda manja pachifuwa. Joel adali pambali pawo akuluma chala, thukuta lili kamukamu ngati wonyamula madziyo ndi iye.

Yunisi ankakwera kamtunda kaja, makheni awiri odzaza uku ndi uku. Mabedi awiri adali atanyowa kale. Nkhope yake idali itatuwa, pakamwa pali yasa, ndipo kupuma kwake kunkamveka kuchokera pomwe ndidatsikira njinga.

"Yunisi! Tula pansi!"

Adadzutsa mutu, kundiona, n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko kudzandiperekeza kumanda.

"Amayi… onani… lachitatu ili…"

Adaponda kawiri. Makheni adapulumuka, madzi n'kubwerera komwe adachokera. Iye adagwa chafufumimba, osatchinjiriza ndi manja.

"Wayambapo," adatero mayi wina.

A Rozaria adatola kheni yomwe idatsala ndi madzi pang'ono n'kumuthira kumutu monga ankachitira masiku onse. Sadadzuke. Adamuthiranso. Joel adamutembenuza, mutu n'kungoti lende. Milomo idali itada.

Sindidziwa kuti mawu adachokera kuti. Ndidakuwa mpaka agalu a m'mudzi kuyankha.

"Ndi mtima! Mwana wanga ali ndi nthenda ya mtima, yomwe idapha bambo ake! Timibulu tija tidali ta mtima, osati ta magazi! Mizere ija ndinkalima ndine! Ndine, ndine! Buku lake ili, werengani!"

Ndidang'amba pulasitiki ija ndi mano n'kuponyera Joel buku la kuchipatala la mkazi wake, lomwe mwini wake adali asadalionepo chikulire.

Ndidamva madzi akutsetsereka m'udzu. A Rozaria adagwada n'kuika khutu pachifuwa pa mwanayo.

"Ukugunda," adatero. "Koma ukudumphadumpha. Joel, njinga!"

"Ali ndi pakati," ndidawonjezera. "Miyezi iwiri."

A Rozaria sadandiyang'ane n'komwe. Adamasula chitenje chawo, kumubereka Yunisi kumsana ngati khanda, miyendo ikukwekwereza pansi, mpaka panjinga yomwe idandibweretsa ija. Adamukhazika pakati, iwo kumbuyo atamukumbatira, Joel n'kulanda chiwongolero kwa mwini njinga. Malo anga padalibe. Ndidatsala pakati pa anthu achilendo, opanda nsapato, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adandilankhula.

6

Adatsitsimuka ali pachipatala cha m'deralo, ndipo m'mawa mwake ambulansi idamutengera kuchipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko dokotala wa mtima adatsegula buku lija pamaso pa Yunisi, Joel, a Rozaria ndi Eliya. Zomwe zidalembedwamo ndikuuzeni ndekha, poti ndidalipo tsiku lomwe zinkalembedwa.

Yunisi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, atakomoka pampira paja, a pachipatala cha kwathu adatitumiza kuchipatala chomwechi, komwe kudabwera madokotala a mtima. Adamuunika pachifuwa ndi makina oonetsa mtima pakanema. Kenaka adamuimika pa lamba woyenda yekha pansi pa mapazi, mawaya ali pachifuwa, kuti aone kuti thupi lake lingapirire ntchito mpaka pati. Adati mtsikana wa msinkhu wake amayenera kupitirira mphindi khumi. Yunisi adafika zisanu ndi imodzi, adokotala n'kuzimitsa makina. Nesi adatuluka naye kuti akapume, ine n'kundikhazika pansi.

Adati mnofu wa mtima wake ndi wokhuthala kuposa muyeso, motero pantchito yolemetsa magazi satuluka okwanira. Adati nthendayi imayenda kumtundu, ndipo atamva za imfa ya a Ackson adagwedeza mutu. Siichira, koma munthu amakhala nayo mpaka kukalamba akadziwa malire ake. Aziyenda tsiku ndi tsiku, azigwira ntchito zopepuka, asamangokhala. Koma kunyamula zolemera, kukwera nazo mtunda, kudzikakamiza padzuwa befu litayamba, zimenezo ayi. Azimwa mankhwala, azibwera chaka chilichonse kudzayezedwa.

"Akhoza kudzakwatiwa?" ndidafunsa.

"Akhoza, n'kuberekanso, bola tizimuona. Koma mwini wake adziwe, mayi. Mukamuuze bwinobwino, kapena mubwere naye mwezi wamawa tidzamuuze limodzi."

Pa zonsezo ine ndidatolapo chimodzi chokha, choti sangalime. Ndipo kwathu mkazi wosalima amakwatiwa ndi yani? Mtsikana wa nthenda ya kumtundu amafunsiridwa ndi yani? Ndidabisa buku, osabwererakonso.

Dokotala wa tsopanoyu adawerenga mpaka kumapeto, kutembenuza tsamba, kupeza loyera. Adavula magalasi. "Mayi, zaka zisanu ndi zitatu?"

Adati mimba ilipo, siidachoke, koma mnofu uja wakhuthala kuposa kale. Patapita masiku, Yunisi atapezako mphamvu, adamuyendetsa pang'onopang'ono m'khonde la chipatala, nesi atagwira wotchi. Pa mphindi ziwiri adatsamira khoma.

Tsiku lomwelo madzulo tidazungulira bedi lake. Adayamba ndi Joel, ndipo bola akadanditukwana.

"Amayi, mukadanena. Ndikadamukwatirabe. Kuthirira ndikadathirira ndine, iye akadamasoka ndi kusankha fodya pamthunzi. Pa fodya ntchito yokhala pansi siitha."

"Ine ndine wolusa, asewere," adatero a Rozaria. "Ndimadziwa. Koma kupha sindinapheko. Inu mudakhala pansi pa mango anga, mukundiona ndikutuma mwana kukafa, n'kunena kuti palibe."

Eliya adangoyang'ana pawindo. Mpaka lero sadandifunsepo kanthu pa nkhaniyi.

Yunisi adalankhula pomaliza. Sadalire. Ankapuma pakati pa mawu.

"Amayi, anzanga a magazi ochepa ankachira miyezi iwiri. Ine zaka. Ndiye ndinkaganiza kuti mukungondibisira ulesi wanga, chifukwa mumandikonda. Mukudziwa chomwe ndinkapempha kwa Mulungu kuyambira ndili Fomu 1? Kuti andichotsere ulesi. Ndinkasala kudya chifukwa cha ulesiwo. Tsiku lina ndidapemphera mokweza, inu muli pomwepo. Mudati ameni."

Tsikulo ndimalikumbukira, ndipo ndidaterodi.

Nesi adalowa akuwomba m'manja kuti nthawi yoona odwala yatha. "Wodikirira atsale mmodzi. Mayi ake ndani?"

Ndidaimirira. Yunisi adakweza dzanja lomwe lidali ndi diripi n'kuloza a Rozaria.

"Awo."

7

Pamene ndikulemba izi mimba ili m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Madokotala adamugonekanso kuti adikirire pafupi ndi iwo. Akuti ambiri a nthenda imeneyi amabereka bwinobwino akawaona msanga, koma za Yunisi sakulonjeza, poti mtima wake udavutika nthawi yaitali wopanda wouyang'anira. Ine ndimakhala m'shedi ya odikirira odwala kunja kwa wodi, ngakhale palibe amene ndikumudikirira mololedwa. Amayi a mmenemo akandifunsa kuti wanga ali bedi liti, ndimasintha nkhani.

Inu owerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndili ndi zinthu ziwiri zokha. Ngati pakhomo panu pali mwana, mtengwa kapena mkamwini yemwe akagwira ntchito pang'ono amakhala pansi atagwira pachifuwa, musathamangire kumutcha manja lende. Kuyeza magazi a pachala sikuona zonse. Pitani naye akamuunike mtima, makamaka ngati kumtundu kwawo kudagwapo munthu mwadzidzidzi ali pantchito.

Chachiwiri ndi cha inu amayi anzanga amene muli ndi kanthu pansi pa sutikesi. Ine ndinkati ndikuteteza mwana wanga ku pakamwa pa anthu. Koma munthu wodziwa nthenda yake amadziwa potulira katundu. Wanga sankadziwa, ndiye befu likamuuza kuti aime, iye ankaliyesa tchimo n'kuwonjezera liwiro. Thupi ndi lake, ine ndidalibe ufulu womubisira.

M'mawa uliwonse a Rozaria amatuluka kudzatsuka mbale pampopi, ndipo ine ndimakhala nditafika kale. Amandiuza momwe Yunisi wagonera. Dzana adayenda mpaka kumapeto kwa wodi osatsamira khoma. Dzulo mwana adatakataka m'mimba mpaka nesi kuseka. Ndimamvetsera zonse, kenaka ndimafunsa funso langa lomwelo, ngakhale ndimadziwa kuti mayi ameneyu sanama ngati ine.

Lero ndafunsanso. Apukuta manja pachitenje, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Sanakufunseni, asewere," atero. "Koma wapuma bwino."

Ndawathokoza, ndabwerera pabenchi langa.